Galimoto yabwera yophwanyika kuchokera ku Japan: musathamangire ku galaja

Bambo a ku Mzuzu, nkhani yanu ndaimva motere. Munagula Toyota 86 ya 2013 kudzera mwa munthu wa ku Lilongwe amene amaitanitsa magalimoto ku Japan. Anakutumizirani zithunzi pa WhatsApp n'kukuuzani kuti pa okushoni ya ku Japan anaipatsa giredi 4, sinachitepo ngozi. Itatsika pa doko la Dar es Salaam, dalaivala anaiyendetsa mpaka pa Songwe, ndipo amene anakailandira n'kusainira ndi msuweni wanu chifukwa inu munali kuntchito. Itafika pakhomo mwapeza bampala yang'ambika kunsi, sampu yatiphwanyika ndipo ikudontha oilo, chitseko cha kumanzere sichikukhala bwino, ndipo makaniko wati chasisi kutsogolo inawotchereredwapo. Wogulitsa akuti zachitikira pamsewu, dalaivala akuti anaipeza choncho. Padutsa masabata awiri, ndipo alamu anu akuti mungoikonzetsa Lolemba, musunge malisiti, ndalama mudzaitanitsa pambuyo.

Lolembalo musapite nayo ku galaja. Alamu anuwo akufunirani zabwino, koma malangizo amenewa ndi amene ndaona akugwetsa milandu yomwe ikanayenda bwinobwino.

Chifukwa chake n'chakuti pagalimoto yanu pali mabala a mitundu iwiri, ndipo mtundu uliwonse uli ndi mwini wake. Bampala ndi sampu zikhoza kukhaladi za pamsewu. Toyota 86 ndi yotsika kwambiri, kuchoka pansi sikukwana ngakhale masentimita 15, ndipo amene anayendapo msewu wodutsa Morogoro, Mikumi, Iringa ndi Mbeya akudziwa kuchuluka kwa mahampu ake. Dalaivala wothamangira kuti abwerere akatenge ina sasamala za mimba ya galimoto ya eni. Koma hampu siwotcherera chasisi. Ngati pali powotcherera, pali amene anakonza, ndipo funso limene khoti lidzafunse ndi lakuti anakonza liti, kuti. Yankho lili pachitsulo pomwepo: dzimbiri lomwe lamera pamzere wowotcherera, penti yosiyana pang'ono ndi inzake, mabawuti a chitseko okhala ndi zipsera za sipanala, malo amene maginito sakugwira chifukwa pansi pa penti anamatapo fila. Makaniko wanu akangopala pamenepo, kuwongola n'kupopera penti yatsopano, umboni wonse wapita ndi fumbi la sandipepa. Mudzatsala ndi lisiti yosonyeza kuti munalipira, koma yosanena kuti anaphwanya ndani.

Ndinaimirirapo munthu amene anachita ndendende zimene alamu anu akunena. Anabwera ndi envulopu ya malisiti, yosanjidwa bwino. Loya wa mbali inayo anangomufunsa funso limodzi: kodi munaitana kasitomala wanga kuti adzaone galimoto musanaimasule? Sanamuitane. Zidutswa zakale anyamata a pa galaja anali atagulitsa kale kwa ogula zitsulo. Madzi akatayika saoleka, tinagwirizana kunja kwa khoti pa kandalama kochepa kwambiri.

Palinso mbali ya lamulo lenileni. Lamulo la kugulitsana katundu m'Malawi muno, Sale of Goods Act, limati katundu wogulitsidwa pomufotokoza ayenera kufanana ndi mmene anamufotokozera. Ngati munauzidwa kuti sinachitepo ngozi pomwe inachita, muli ndi pogwira, ngakhale galimotoyo ndi yakale. Koma lamulo lomwelo limati wogula amatengedwa kuti walandira katundu akanena kuti walandira, akachita naye zinthu ngati mwini wake, kapena akamusunga nthawi yaitali osanena kuti wamukana. Mukalandira, ufulu wobweza galimoto n'kutenga ndalama zanu zonse umatha, mumangotsala ndi wopempha chipukuta misozi. Kuikonzetsa, kuilembetsa ku Road Traffic m'dzina lanu, kupita nayo ku Nkhata Bay kukaonetsa anzanu, zonsezi loya wa wogulitsa adzaziwerenga chimodzichimodzi pamaso pa woweruza. Lamulo silitchula chiwerengero cha masiku, limangoti nthawi yoyenera, ndipo woweruza ndi amene amayeza. Masabata awiri mwina simunachedwe, koma miyezi iwiri ya kuimbirana foni ndi kulonjezana idzakuvutani kufotokoza.

Za siginecha ya msuweni wanu: ndikanakonda akanalemba mawu atatu okha pa pepalalo, kuti bampala yabwera yong'ambika. Anthu timatuma wachibale kukalandira katundu wa mamiliyoni ngati tikumutuma thumba la chimanga pa depoti, iye n'kusaina kuti zonse zili bwino dzuwa litalowa, osagwada n'komwe kuyang'ana kunsi. Pa bampala ndi sampu siginechayo ikupwetekani, chifukwa ndi zinthu zooneka ndi maso. Pa chasisi siikumangani kwenikweni. Palibe amene angayembekeze munthu wamba kuona powotcherera pobisika ali pa boda, ndipo lamulo limapatsa wogula mpata wokwanira woyendera katundu amene sanamuonepo.

Ndiye sabata ino chitani izi. Galimoto iime, musaiyendetse. Lemberani wogulitsa kalata yokhala ndi deti, yotchula nambala ya chasisi, zimene anakuuzani ndi zimene mwapeza. Ngati mukufuna kuibweza, nenani mosapita m'mbali kuti mwaikana ndipo adzaitenge. Ngati mukufuna kuisunga, nenani kuti mukuisunga koma mudzafuna akulipireni kusiyana kwa mtengo. Sankhani chimodzi, musalembe zapakatikati. M'kalata yomweyo muuzeni tsiku, nthawi ndi malo amene katswiri adzaiyendere, ndipo mumuitane abwere kapena atume munthu. Akapanda kubwera ndi zake, inu mwakwaniritsa mbali yanu. Katswiriyo asakhale makaniko wanu wa masiku onse, amene adzaoneke ngati akufuna ntchito. Pezani mmodzi mwa amene makampani a inshulansi amawatuma kukayeza magalimoto a ngozi, alembe lipoti losainidwa, lokhala ndi zithunzi, losiyanitsa bala lakale ndi latsopano, ndipo avomere kuti adzafika kukhoti akaitanidwa.

Funsaninso pepala la ku okushoni. Magalimoto ambiri ochokera ku Japan amadutsa pa okushoni, ndipo oyendera kumeneko amalemba giredi ndi chithunzi cha galimoto chokhala ndi zizindikiro: A ndi pokalika, U ndi pobonyoka, W ndi pokonzedwa, XX ndi chitsulo chosinthidwa. Galimoto yomwe inakonzedwapo chasisi amaipatsa R kapena RA, osati 4. Pali makampani amene amafufuza pepalali pa intaneti ndi nambala ya chasisi mukalipira pang'ono. Likatuluka R pomwe inu munauzidwa 4, nkhani ya mahampu yathera pomwepo. Likatuluka 4 weniweni, mlandu wanu wafooka ndipo tiyenera kuyang'ana pakati pa Japan ndi Songwe. Sindikulonjezani mbali imene ligwere.

Musanasumire aliyense, onani invoisi ndi bill of lading (pepala la eni sitima losonyeza katundu amene anyamula) kuti zili m'dzina la yani. Ngati munalipira makwacha kwa munthu wa ku Lilongweyo pa mtengo umodzi wa galimoto yofika, ndiye wogulitsa ndi iyeyo, ndipo mungamusumire kuno. Ngati invoisi ya ku Japan ili m'dzina lanu ndipo iye anangodya komishoni, adzati anali wotumidwa chabe. Apo mungamugwirebe pa mawu abodza amene anakuuzani, ngati uthenga wa pa WhatsApp ulipo, koma njira yake ndi yotalikirapo. Kusumira kampani ya ku Japan n'kotheka papepala, kungoti mapangano awo kawirikawiri amati milandu ikazengedwe kwawo, ndipo ndalama zake zikhoza kuposa mtengo wa galimoto. Dziwaninso kuti mukagula pa CIF (mtengo wophatikiza sitima ndi inshulansi ya panyanja) kapena FOB (mtengo wongofikitsa galimoto m'sitima), chiopsezo chimasamukira kwa wogula galimoto ikangokwera sitima, ndipo inshulansi ya panyanja nthawi zambiri imathera pa doko, siifika pa Iringa. Eni sitima amafuna kudziwitsidwa pomwe katundu akutengedwa, kapena pasanathe masiku atatu ngati bala ndi lobisika, ndipo mlandu wowasumira kawirikawiri umafa pakatha chaka chimodzi. Ejenti amene anaombola galimoto pa doko akupatseni pepala losonyeza mmene inalili potuluka pageti. Akayamba kuzemba, mulembereni kalata, chifukwa foni saisunga m'faelo.

Kupolisi mukhoza kupita ngati pali umboni woti anakunamizani dala kuti akudyereni ndalama, koma apolisi si otolera ngongole. Ndatopa nazo zoona anthu akuitanizana pa siteshoni, wapolisi n'kukhala nkhoswe, n'kulembetsana kapepala koti wogulitsa apereka theka mwezi wamawa ndipo nkhani yatha. Kapepala kameneko kakhoza kutseka mlandu wanu wonse. Musasaine chilichonse chonena kuti mwakhutira loya asanachione.

Dandaulo mungakaperekenso ku Competition and Fair Trading Commission, amene amamva madandaulo a ogula pa amalonda a m'dziko muno, ngakhale dzanja lawo silifika ku Japan. Kukhoti, mlandu wa pangano uli ndi zaka 6, koma zaka zimenezo si za ufulu wobweza galimoto, musazisokoneze. Khoti loyenera lidalira ndalama zomwe mukufuna, ndipo ku High Court milandu yambiri yotere imayamba yadutsa pa kukambirana pamaso pa jaji isanazengedwe. Pamenepo lipoti la katswiri ndi limene limalankhula. Mauthenga a pa WhatsApp muwasunge mufoni momwemo, musangojambula sikirini n'kufufuta, ndipo zithunzi zimene anakutumizirani musanalipire muzisunge padera.

Chomaliza ndikufunseni ine musanafunsidwe ndi ena: mtengo umene unalembedwa pa mapepala a MRA pa Songwe ndi womwewo munalipira? Ngati wina anautsitsa kuti msonkho uchepe, muuzeni loya wanu tsiku loyamba, chifukwa mukadzaima kukhoti n'kutchula mtengo weniweni, mbali inayo idzatulutsa pepala la kasitomu.