Las Vegas ndi nkhani ya makauboyi ija

Wina wandilembera imelo kuti: "Achimwene, pa zithunzi zakale za Las Vegas ndimangoona zipewa za makauboyi, ngolo za mahatchi ndi maina ngati Pioneer, Frontier, Horseshoe. Kodi tauniyi inayamba ndi makauboyi? Nanga zoti inamangidwa ndi zigawenga za Mafia ndi zoona?"

Zikomo bwana. Yankho langa ndi lakuti zaukauboyi zija zinali zovala za malonda basi. Las Vegas, mzinda wa m'boma la Nevada ku America, inabadwa ndi njanji. Mu May 1905 kampani ya sitima yapamtunda yochoka Los Angeles kupita Salt Lake City inagulitsa mapuloti pamalopo, chifukwa panali akasupe mkati mwa chipululu ndiye sitima zimaima kutunga madzi. Chaka chotsatira panatsegulidwa Hotel Nevada pa Fremont Street, ilipobe mpaka pano ndi dzina loti Golden Gate.

Juga boma la Nevada linailetsa cha mu 1910, kenako nkuilolanso mu 1931 ndalama zitasowa. Chaka chomwecho ntchito yomanga damu lalikulu la Hoover inayamba, ndipo anyamata aganyu zikwizikwi amagona ku Boulder City komwe mowa ndi juga zinali zoletsedwa, ndiye mukudziwa kale komwe malipiro amathera. Koma damu litatsala pang'ono kutha eni malo a juga ku Las Vegas anagwira njakata, makasitomala aja ayamba kubalalika. Apa ndi pomwe anaganiza zogulitsa mbiri ya "kumadzulo kwakale" kwa America, nthawi ya makauboyi, kwa anthu aku California omwe amaidziwira mu kanema. Mu 1935 anayambitsa chikondwerero cha Helldorado, perete wa mahatchi, mipikisano ya rodeo yokwera mahatchi ndi ng'ombe zolusa, azibambo kusunga ndevu dala kuti azioneka ngati a makedzana.

Mahotela awiri oyamba pa msewu wa mahotela akuluakulu a juga womwe lero timati Strip onse anali a sitayilo imeneyi. El Rancho Vegas ya Thomas Hull inatsegulidwa mu 1941, ndipo mu 1942 inabwera Last Frontier. Iyi ndiye inafika nazo patali, alendo amakawatenga pa ngolo yokokedwa ndi mahatchi, mkati munali nyanga za ng'ombe ndi zishalo, kunja anamanga kamudzi kongoyerekeza ka nthawi ya migodi, ndi katchalitchi kathabwa kotchedwa Little Church of the West komwe anthu amamangitsirako maukwati mpaka lero ngakhale anakasuntha kangapo. Koma mlendo yemweyo amasambira mu dziwe la hotela nkukagona mchipinda chozizira bwino, palibe kauboyi weniweni analawako moyo umenewo. Ku Fremont nakonso kunabwera Golden Nugget mu 1946, Horseshoe ya Benny Binion mu 1951, ndi chikwangwani cha magetsi cha kauboyi wamtali uja, Vegas Vic, chaka chomwecho.

Za Mafia ndi zoona koma anthu amakokomeza. Chigawenga chotchuka Bugsy Siegel anapeza Strip ilipo kale, ndipo ngakhale hotela ya Flamingo yomwe anatsegula mu December 1946 anaiyamba ndi munthu wina, Billy Wilkerson. Chomwe Flamingo inasintha ndi maonekedwe, inataya zipewa nkubweretsa masuti ndi zonyezimira za ku Hollywood. Siegel sanadyerere, anamuwombera mu June 1947 ku Beverly Hills.

Kuchoka apo ukauboyi unayamba kuzilala pa Strip. Last Frontier yomwe ija mu 1955 inasintha kukhala New Frontier nkumakongoletsa ndi zamumlengalenga, El Rancho inapsa mu 1960. Kenako Caesars Palace mu 1966 inavala za Aroma, Luxor mu 1993 za Aigupto, Venetian ndi Paris mu 1999. Kwa ine nzeru yake ndi yomwe ija ya 1941, kumunamiza munthu mokoma kuti ali kwina kuti asawerenge zomwe zikutuluka mthumba.

Mukapitako ndipo mukufuna zotsalira za nthawi imeneyo, musataye nthawi pa Strip, New Frontier anaigwetsa mu 2007. Pitani ku Fremont Street mukaone Vegas Vic ndi Golden Gate, kapena ku hotela yaukauboyi ya Sam's Town pa Boulder Highway, ya mu 1979, komwe kumakonda kupita anthu okhala konko.