Chigongono chikundilepheretsa ntchito, kodi mapeto ake ndi opaleshoni?

Funso: Adokotala, ndine kalipentala wa zaka 44. Kwa miyezi isanu tsopano chigongono changa chakumanja chikupweteka chakunjaku. Ndikagwira hamala, ngakhale kapu yamadzi, ululu umatsikira kumkono. Ndimamwa diclofenac tsiku lililonse. Anzanga akuti ndikapemphe jakisoni, apo ayi ndikang'ambidwa.

Yankho: Bambo, ndikuona kuti chikukusowetsani tulo ndi mantha oti dzanja lomwe mumadyera lifa. Mtima m'malo. Zomwe mwafotokozazi zikufanana ndi tennis elbow, vuto lomwe limagwira amisiri, opaka penti ndi ophika kuposa osewera tenesi. Minofu yomwe imadzutsa dzanja imamangirira pa kafupa kotuluka kunja kwa chigongono, ndipo mtsempha wolumikiza minofuyo ku fupalo umaperepeseka ukamagwira ntchito imodzimodzi tsiku ndi tsiku. Mwa anthu 10 alionse, 8 kapena 9 amachira pomatha chaka popanda mpeni.

Za jakisonizo, anzanuwo akukusocheretsani. Jakisoni wa steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, amaziziritsadi ululu kwa masabata angapo, ndiye munthu amathamangira ku hamala poganiza kuti wachira, pomwe mtsempha udakali momwemo. Pakatha chaka, obayidwa ambiri amapezeka kuti ululu unabwerera, ndipo sapambana anzawo omwe sanabayidwe. Kubayabaya malo amodzi kumafooketsanso mtsemphawo. Kuwawa kwa singano si umboni woti mankhwala ndi amphamvu ayi.

Nanga diclofenac wa miyezi isanu anakulemberani ndani? Ameneyu amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso mwakachetechete. Musiyeni, ndipo mukanene kuchipatala kuti mwamumwa nthawi yaitali chonchi.

Kuchipatalako ndiye kofunika, sabata ino. Dokotala adzadina pa kafupa kaja ndi kukuuzani kuti mudzutse dzanja iye akulikankhira pansi; nthawi zambiri zimenezi zimakwana, X-ray siwonetsa mtsempha. Adzafunanso kutsimikiza kuti ululu sukuchokera m'khosi. Pemphani akutumizeni kwa a mafizo, akatswiri olimbitsa ziwalo, akuphunzitseni izi: mkono uli pa tebulo, chikhatho chikuyang'ana pansi, mwagwira kabotolo kamadzi, dzanja linalo lithandize kukweza, lodwalalo litsitse lokha pang'onopang'ono. Zimatenga miyezi, ndipo ambiri amagwa ulesi msanga. Pantchito valani kalamba kothina pang'ono m'munsi mwa chigongono, kulungani mpini wa hamala ndi nsalu kuti unenepe, ndipo muzinyamula zinthu chikhatho chili m'mwamba.

Opaleshoni timaiganizira zonsezi zikakanika kwa miyezi 6 mpaka 12. Amachotsa kachigawo kowonongeka ka mtsempha, ambiri amatuluka tsiku lomwelo, koma ntchito yolemetsa imadikira miyezi ingapo ndipo mafizo sathawika.

Chigongono chikatupa, kutentha, kukanika kuwongoka, kapena zala zikachita dzanzi, musadikire sabata, pitani lero.