Pitani mukakhale pamphasa ndi anzawo a agogo

Achemwali, pepani ndi imfa ya agogo anu. Mwati abale akusankhani kuti mudzawerenge mbiri yawo pa mwambo wovundukula chiliza ku Mulanje mwezi wamawa, koma chaka chimene anabadwa simuchidziwa ndipo mukusowa poyambira. Zomwezi zinandigwera ine titataya agogo athu, amayi a mayi anga, kwathu ku Thyolo.

Za chaka zisakusowetseni tulo. Akuluakulu a nthawi imeneyo zaka zawo ankaziwerengera pa zochitika. Chaka chimene chinalembedwa pa chiphaso cha unzika cha agogo athu mu 2017 chinali chongoganizira, eniake ankanena okha. Chimene ankakumbukira bwinobwino n'chakuti njala ya 1949 inawapeza ali kamtsikana kosavinidwa, kobereka mng'ono wawo kumbuyo popita kukakumba zikhawo. Pamenepo tinadziwa kuti anabadwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ndipo tinalemba choncho basi. Inunso funsani motero. Anakwatiwa Malawi asanalandire ufulu mu 1964 kapena utabwera kale? Mwana woyamba anabadwa tikugwiritsa mapaundi ndi mashereni, kapena kwacha itayamba mu 1971? Kumpingonso pitani, kaundula wa ubatizo amathandiza.

Koma chimene ndikufuna kukuuzani kwenikweni ndi ichi: musakhale nokha ndi pepala. Ine ndinayamba ndalemba zija timamva pamaliro paliponse, zakuti anali okonda anthu, okonda kupemphera, asiya ana angapo ndi zidzukulu zingapo. Nditawawerengera amalume, anangoti, "Ameneyu ndi ndani? Amayi anga sindikuwaonamo." Zinandiwawa, koma ankanena zoona.

Mawa lake ndinagula shuga ndi buledi n'kupita kwa amayi atatu a Mvano amene anakalamba nawo limodzi. Tinakhala pamphasa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Iwo ndi amene anandiuza kuti agogo aamuna atapita ku Wenela, kukagwira ntchito m'migodi ya ku Joni, agogo anatsala okha ndi ana n'kumakathyola tiyi ku esiteti, dengu kumsana, mvula ili pamutu. Ndinali ndikudziwa kuti zala zawo zinali zong'aluka ndi zakuda kunsonga, koma sindinafunsepo chifukwa chake. Amuna awo anabwerera Kamuzu ataletsa za Wenela, ndege yonyamula Amalawi ochokera ku migodi itagwa ku Francistown, ku Botswana, mu 1974, ndipo anapeza ana onse ali pasukulu, nyumba ili yofolera bwino.

Anandiuzanso nkhani imene ngakhale mayi anga sankaidziwa. Panali mayi wina wamasiye amene anakangana nawo zaka zambiri pa malire a munda, mpaka nkhani inafika kwa amfumu. Mayiyo atadwala n'kulephera kulima, agogo ankatuma mwana usiku kukasiya lichero la nandolo ndi makaka pakhonde pake, n'kumulangiza kuti asanene kumene zachokera. Anachita zimenezi mpaka mayiyo anamwalira, ndipo ndi agogo amene anakasambitsa thupi. Pomva izi ndinalira kuposa tsiku la maliro.

Zina ndinaona ndi maso anga. M'zaka za m'ma 1990 matenda aja atalowa m'mudzi, agogo anaika m'manda ana awo atatu motsatizana, ife adzukulu n'kudzazana m'nyumba mwawo. Ndimakumbukira mphika wa kalongonda uli pamoto tsiku lonse, iwo akutaya madzi n'kuthira ena, kuti tisagone ndi njala. Usiku ankatitchula mayina mmodzimmodzi m'pemphero, wina akasinza ankamugwedeza ndi phazi. Bulauzi yawo yoyera ya Mvano ankaisita ndi simbi ya makala, n'kuipinda pansi pa Baibulo m'sutikesi, ndipo palibe ankaloledwa kuikhudza. Namondwe wa Freddy atagwetsa khoma la nyumba yawo mu Malichi 2023, ife tikupulumutsa ufa ndi zofunda, iwo ankangofunsa za sutikesiyo.

Musawasandutse mngelo ayi. Agogo athu anali ndi pakamwa polasa, ndipo akamwini a pamudzi pathu ankawaopa. Nditatchula zimenezi pamanda anthu anaseka misozi ili m'maso, chifukwa anazindikira kuti ndikunenadi za iwo.

Popita kwa anzawo a agogo anuwo, tengani foni mujambule mawu awo, chifukwa nawonso atsala ochepa. Ena akayamba kukumbukira zakale amalowa m'Chilomwe, choncho mupite ndi wina wochimva bwino ngati inu chimakuvutani. Mwa amayi atatu amene anandithandiza ine, awiri tinawaika kale, ndipo mawu awo ndikadali nawo m'foni.

Mzimu wa agogo anu uuse mumtendere, achemwali. Mukalemba, muwawerengere kaye amalume anu tsikulo lisanafike.