Funsani Malume: Mpongozi wanga wa ku Hangberg ndi wa mtundu wanji?

Funso

Malume, mwana wanga wachisamba ali ku Joni chaka chachinayi tsopano. Amakhala ku Hout Bay, kufupi ndi Cape Town, pamalo potchedwa Imizamo Yethu, ndipo amasamalira maluwa kwa azungu. Mwezi wathawu anaimba foni kuti wapeza mbeta ya ku Hangberg, akufuna tikonze za chinkhoswe. Nditafunsa mtundu wa mtsikanayo anangoti, "Ndi Coloured, amayi," mayunitsi n'kumuthera. Pa chithunzi chimene anatumiza pa WhatsApp ndikuona mtsikana woyererako, wa tsitsi lopotana. Kuno ena akuti ndi mwana wa mzungu, ena akuti ndi mmwenye. Kodi kumeneko kumakhala anthu a mitundu yanji? Nanga ankhoswe athu akalankhula ndi yani?

Mayi wankhawa, Salima

Yankho

Zikomo mayi polemba. Kalata yanu yandibwezera kumene ndinasiya thukuta langa, chifukwa ku Hout Bay ndinakhalako zaka 11, kuyambira 2007 mpaka 2018, ndikutchetcha kapinga ndi kutsuka madamu osambiramo, ntchito yomweyo ya mwana wanuyo. Anzanu onena za mzungu ndi onena za mmwenye onse aphonya, ngakhale kuti sanaphonye kutali kwambiri.

Hout Bay ndi kachigwa kozingidwa ndi mapiri, pamtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera pakati pa Cape Town. Kumapeto kwake kuli nyanja ya mchere ya Atlantic, yozizira moti munthu wozolowera ku Senga Bay amangoviikamo phazi n'kubwerera. Dzinalo ndi la Chidatchi: hout ndi mitengo, popeza Adatchi amene anafika ndi Jan van Riebeeck mu 1652 ankadula mitengo yomangira kumeneko. Mukaima padoko n'kumwaza maso, mumaona midzi itatu m'chigwa chimodzi. Pakati, pamene pali nthaka yabwino, minda ya maluwa ndi makola a mahatchi, ndi pa azungu. Amangopatchula kuti Valley. Ambiri amalankhula Chingerezi, ena Chiafrikaans, ndipo ena ndi a ku Germany ndi Britain amene amabwera kudzathawa chisanu cha kwawo. Mu 1987 azungu amenewa anachita nthabwala yoti Hout Bay ndi dziko paokha, mpaka kusindikiza timapasipoti togulitsa kwa alendo. Ine nthabwala imeneyo sinkaiseka, popeza pasipoti yeniyeni ndiyo inkandisowetsa tulo.

Paphiri la kumanja mukamachokera kunyanja kulowera ku Constantia Nek ndi pamene pali Imizamo Yethu, ena amati Mandela Park. Kutsidya, pamwamba pa doko, m'munsi mwa phiri losongoka lotchedwa Sentinel, ndiye ku Hangberg, kwawo kwa mpongozi wanuyo.

Tsono za mawu akuti Coloured. Kwathu kuno tikati mkaladi timaganiza za mwana amene bambo ake ndi mzungu kapena mmwenye, mayi ake wakuda. Ku Cape n'zosiyana. N'kutheka kuti mtsikanayo, makolo ake, agogo ake ndi agogo a agogo ake, onse anabadwa m'gulu lomwelo, popanda mzungu aliyense amene angamuloze ndi chala kuti uyu ndi wathu. Ndi anthu amene anapangika m'zaka zoposa 300. Muzu wawo waukulu ndi Akhoi ndi Asan, eni nthaka amene ankaweta ng'ombe ndi kusodza m'magombe amenewo Mdatchi asanaponde. Kenako akapolo amene anabwera nawo kuchokera ku Madagascar, India, Indonesia ndi Mozambique. Kenako magazi a azungu, amalinyero ndi eni mafamu, nthawi zambiri osati mwa kufuna kwa amayiwo. Ukapolo unathetsedwa ku Cape mu 1834, koma mabanja anali atasakanikirana kale.

Za Mozambique zija ndiime nazo pang'ono, chifukwa zimandikhudza. Mu December 1794 sitima ya Apwitikizi yotchedwa São José, itanyamula akapolo oposa 500 kuchokera ku chilumba cha Mozambique kupita ku Brazil, inasweka pamiyala pafupi ndi Clifton, m'munsi mwa msewu umene basi ya ku Hout Bay imadutsa lero. Oposa 200 anamira. Otsalawo anagulitsidwa ku Cape komweko. Ambiri mwa iwo akuti anali Amakua, abale a Alhomwe athu a ku Mulanje ndi Phalombe. Ndikamadutsa pamenepo pa basi ya MyCiTi ndinkadziuza kuti mayi wogulitsa nsomba padoko, amene ndimamuona ngati mlendo, mwina agogo ake ankapempha madzi ndi mawu amene agogo anga akanawamva.

Amene anasonkhanitsa anthu osiyanasiyanawa m'thumba limodzi ndi boma la tsankho. Mu 1950 linakhazikitsa lamulo la Population Registration Act, loti munthu aliyense alembedwe kuti ndi mzungu, wakuda kapena Coloured, ndipo amwenye anadzawapatsa gulu lawo pambuyo pake. Akakayikira, ankatha kukulowetsa pensulo m'tsitsi kuti aone ngati igwe. Chaka chomwecho kunabwera Group Areas Act, logawa malo okhala potengera khungu. Chigwa cha Hout Bay anachisandutsa cha azungu, koma mafakitale a nsomba ankafunabe manja, choncho mabanja a asodzi anawakankhira kuphiri la pamwamba pa doko, m'mafulati ndi m'nyumba zothinana. Hangberg inabadwa choncho. Anthu akuda ndiye sankafunidwa n'komwe m'chigawo chonsecho. Ntchito zinkayamba zapatsidwa kwa Coloured, wakuda azitola zotsala, ali ndi pasi m'thumba. Malamulo a pasi atatha mu 1986, Axhosa ochokera ku Eastern Cape anayamba kumanga tinyumba ta malata m'tchire ndi m'milu ya mchenga, mpaka mu 1991 boma linawapatsa mahekitala 18 paphiri. Dzina lakuti Imizamo Yethu ndi Chixhosa, kutanthauza khama lathu. Anayamba ndi mabanja mazana ochepa, koma kalembera wa 2011 anapezamo anthu oposa 15,000.

Pa mafomu a boma mpaka lero pamakhala mabokosi a Black African, Coloured, Indian ndi White, ngakhale lamulo lija linafafanizidwa mu 1991. Mwana wanu amachonga bokosi loyamba, limodzi ndi Mxhosa, Mzimbabwe, Msomali wa pasitolo, ndi anyamata a ku Namibia ndi Angola ogwira ntchito m'mabwato. Bokosi ndi limodzi, koma pamsewu aliyense amadziwa mwini dziko ndi wobwera. Mu May 2008, pamene eni dziko ena anatisaka ife obwera akutitcha makwerekwere, ndinagona milungu iwiri m'galaja ya abwana anga, pambali pa makina otchetchera kapinga. Komanso moto waukulu wa March 2017 utapsereza tinyumba masauzande, tinagona pabwalo limodzi tonse, Mxhosa ndi Mmalawi, ndipo mabulangete ena anachokera ku Hangberg.

Chenjezo limodzi: musafulumire kumutcha mkaladi, ngakhale Coloured, mpaka mutamva mmene akwawo amadzitchulira. Ena dzinalo amalinyadira. Ena amalikana kuti ndi chizindikiro chimene tsankho linawadinda, amati iwo ndi Akhoisan. Mu September 2010 apolisi ndi akuluakulu a mzinda anakwera ku Hangberg kukagwetsa tinyumba timene tinamangidwa pamalo otchinga moto m'phiri. Kunali nkhondo, ena anataya maso ndi zipolopolo za labala. Ndinkamva kulira kwa mfuti ndili kutsidya ndikudula mpanda. Kuyambira pamenepo mawu akuti "ndife eni nthaka" anamveka kwambiri kumeneko.

Ankhoswe anu akonzeke motere. Pakhomo pa mtsikanayo amalankhula Chiafrikaans cha ku Cape, chothamanga ngati mvula ya matalala, koma pafupifupi onse amamva Chingerezi, choncho sankhani nkhoswe yodziwa Chingerezi. Za unkhoswe ngati wathu, wa nkhuku ndi malume kutsogolo, alibe. Malowolo ngati a Axhosa nawonso si mwambo wawo. Chimene amayembekezera ndi chakuti mnyamata apite yekha kwa makolo kukapempha mwana, ali ndi wamkulu mmodzi kapena awiri. Ku Imizamo Yethu kuli Amalawi achikulire m'mipingo amene angaimire inu. Funsaninso za chipembedzo, chifukwa ku Hangberg kuli matchalitchi komanso mzikiti, ndipo zimenezi n'zimene zidzalamule mmene ukwati udzayendere, osati khungu.

Dziwaninso kuti nawonso ali ndi mafunso awo. Kumeneko mlendo akafunsira mwana wa eni dziko, chiganizo choyamba chimakhala chakuti akufuna mapepala. Mayi a mtsikanayo mwina usiku uno akufunsa anzawo kuti Malawi ndi kuti, ndipo ngati mnyamatayo sanasiye mkazi ndi ana kumudzi. Ngati anasiya, mayi, nenani msanga.

Poti ndinu a ku Salima, poyambira nkhani simudzasowa. Anthu a ku Hangberg ndi a m'madzi ngati inu. Nsomba yawo ndi snoek, yaitali ndi yamano ngati ncheni koma yaikulu kuposa, imene amaiotcha pamakala atapaka jamu, kapena kuifutsa ndi utsi. Amadandaula za ziphaso zosodzera zimene zinapita kwa makampani akuluakulu, monga mmene asodzi athu amadandaulira ndi matrola. Muuzeni mwana wanu akuimbireni pa vidiyo Lamlungu masana, banjalo likakhala pamodzi pa chakudya, ndipo inu mukhale ndi chambo chouma pafupi choti muwaonetse. Mayunitsi ulendo uno mugule ndinu.

Malume