Nambala ya woimba foni siikuoneka pa seva ya dial-up? Yambirani pa laini

Mbale wina wa ku Mufakose, yemwe amayang'anira seva ya dial-up (yolumikiza anthu ku intaneti poimba foni kudzera pa modemu) pakampani ina kuno ku Harare, wanditumizira imelo. Akuti anthu akulumikiza bwinobwino, koma mu RADIUS (dongosolo lotsimikizira ndi kulemba olowa pa seva), pa Calling-Station-Id, pomwe pamalembedwa nambala ya woimba foni, palibe chimene chikulembedwa. Vuto lili pati?

Achimwene, RADIUS isiyeni kaye. Seva simadzipezera yokha nambala, imangopereka yomwe yalandira kuchokera ku kampani ya mafoni. Choncho dziwani kaye mtundu wa laini yanu.

Ngati ndi E1 (laini ya digito yonyamula mafoni ambiri nthawi imodzi) ya mtundu wa ISDN PRI, nambala imabwera pa D-channel, njira ya mauthenga oyendetsa mafoni yomwe ili pa timeslot 16, mu uthenga wa SETUP woyambitsa foni. Ngati seva yanu ndi Cisco AS5300, lembani debug isdn q931, kenako imbani nokha. Mukaona mzere wa Calling Party Number, laini ilibe vuto. Mukapanda kuuona, pemphani a TelOne, kampani ya mafoni, akutsegulireni CLIP, ntchito yoonetsa nambala ya woimba, chifukwa pa seva palibe chomwe mungasinthe kuti ibwere.

E1 ya mtundu wina, wotchedwa R2, ndiye imazunguza anthu mitu. Kumeneko nambala simabwera yokha, seva iyenera kuipempha. Pa Cisco yomweyo, pa mzere wa cas-group, kumapeto kwa r2-digital r2-compelled, onjezerani mawu oti "ani", omwe amauza seva kupempha nambala ya woimba. Mukawaiwala, mafoni azilowa ndithu, ndipo simudzazindikira msanga kuti chilipo chasowa.

Pa modemu wamba, nambala nthawi zambiri imatumizidwa foni ikalira koyamba, isanalire kachiwiri. Modemu yoyankha ikangolira kamodzi imaidula panjira. Pa modemu ikani ATS0=2 (iyankhe ikalira kawiri) ndi AT+VCID=1 (ionetse nambala), koma zakale zina zimamva AT#CID=1. Ngati woyankha ndi pulogalamu ya mgetty osati modemu yokha, S0 ikhale 0, ndipo mu mgetty.config mulembe rings 2.

Laini ikakhala bwino, ndiye pitani ku RADIUS. Attribute 31 ndi nambala ya woimba, 30 ndi yomwe waimbayo. Yatsani accounting (kulemba za kulumikiza kulikonse) pa port 1813, ndipo pulogalamu ya FreeRADIUS izilemba mu fayilo ya detail, m'foda ya radacct.

Koma ine sindingamangirire akaunti ya munthu ku nambala ndisanaone mmene ikulembedwera. Nthawi zina imabwera yopanda 0 woyamba, ndiponso mndandanda wanu ungakhale ukadali ndi khodi yakale ya 04 pomwe Harare pano ndi 0242. Oimba kudzera pa PABX (makina ogawa mafoni) ya ofesi kawirikawiri onse amaoneka ndi nambala imodzi, ndipo wobisa nambala yake afika wopanda kanthu ngakhale zonse mwakonza.