N'chifukwa chiyani zilembo za Qur'an zakale n'zosiyana ndi za ku madrasa?

Wowerenga wina wa ku Mangochi wanditumizira imelo. Akuti anaona pa intaneti tsamba la Qur'an yakale kwambiri, zilembo zamakonamakona, zotambalala, zopanda madontho, moti ngakhale mzere umodzi unamukanika. Akufunsa kuti nanga zilembo zomwe tinaphunzira ku madrasa zinachokera kuti?

Achimwene, zimene munaonazo amazitcha Kufic, kuchokera ku mzinda wa Kufa ku Iraq. Ankalemba pa zikopa, mwapang'onopang'ono, ndipo owerenga ambiri anali ataloweza kale Qur'an pamtima, choncho madontho sankawasowa kwenikweni.

Koma zilembo zozungulira zimene mumadziwazo zinakulira m'manja mwa akalaliki a boma, olemba makalata ndi za misonkho mothamanga. Mapepala atayamba kupangidwa ku Baghdad chakumapeto kwa zaka za m'ma 700, kulemba kunachuluka ndipo aliyense ankalemba mmene akufunira. Amene anaika muyezo ndi Ibn Muqla, nduna yaikulu ya makhalifa atatu, omwe anali olamulira dziko la Asilamu. Mukadinda pa pepala nsonga ya cholembera cha bango, pamatsala kadontho ka ngodya zinayi. Iye anati kutalika kwa alif, chilembo choyamba cha Chiarabu chomwe ndi mzere woongoka, kuziyezedwa ndi timadontho timeneti, ndipo zilembo zopindika zizitengera mkombero womwe m'mimba mwake ndi alif yemweyo. Ine pamenepa ndi pomwe ndimamuvulira chipewa: muyezo uli m'cholembera chomwecho, kaya n'chachikulu kaya n'chaching'ono. Koma ndale sizinamuchitire chifundo. Anamudula dzanja lamanja, kenako lilime, n'kufera m'ndende mu 940. Akale amasimba kuti ankamangirira bango pamkono woduka uja n'kumalembabe.

Ibn al-Bawwab, mwana wa mlonda wa pakhomo, ndiye anafewetsa muyezowo kuti zilembo ziziyenda mokoma. Qur'an yomwe analemba pa pepala ku Baghdad cha m'ma 1000 ilipobe, ku Chester Beatty Library mu mzinda wa Dublin. Iyoyo mukhoza kuiwerenga popanda vuto lalikulu. Ibn al-Bawwab anamwalira mu 1022.

Wachitatu ndi Yaqut al-Musta'simi, mlembi wa khalifa womaliza wa ku Baghdad. Yaqut anapulumuka ankhondo a Mongol atawononga mzindawo mu 1258. Iyeyu ankasema nsonga ya bango mopendeketsa kuti mzere uzinenepa pena n'kuonda pena. Mwa mitundu isanu ndi umodzi ya kalembedwe yomwe inakhazikika pa nthawi yake muli naskh, ndipo Qur'an zambiri zosindikizidwa lero, kuphatikizapo ya ku madrasa kwanu, zimatsata imeneyo.