Kodi matenda a okalamba amaitanana?

Mayi wina wanditumizira imelo yokhudza bambo ake a zaka 74. Anayamba ndi BP, kenako shuga, pano adokotala akuti impso zayamba kufooka, mawondo nawonso sakuwagonetsa tulo. Funso lake n'lakuti: "Kodi ndi tsoka chabe, kapena matenda ena amabereka anzake?"

Mayi, si tsoka ayi, ndipo bambo anu sali okha. Mu 2012, magazini ya zachipatala ya Lancet inafalitsa kafukufuku wa ku Scotland amene anaunika mbiri za anthu pafupifupi 1.75 miliyoni. Mwa anthu a zaka 65 mpaka 84, pafupifupi 65 pa 100 alionse anali ndi matenda okhalitsa awiri kapena kuposerapo. Kwa a zaka 85 kupita m'mwamba, chiwerengerocho chinadutsa 80. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti m'madera osauka vutoli linkayamba zaka 10 mpaka 15 msanga.

Matendawa sabwera chisawawa, amayenda pachibale. Banja lalikulu ndi limene lagwira bambo anu: BP, shuga, mtima, impso ndi sitiroko. Muzu wake ndi mitsempha ya magazi. Shuga akachuluka amawononga timitsempha ting'onoting'ono tosefa magazi mu impso, BP nayo n'kumatipanikiza usana ndi usiku. Impso zikatopa zimalephera kutulutsa mchere ndi madzi mokwanira, BP n'kukwereranso. Ndiye mwaona, wina akukankha mnzake, mnzakeyo n'kubwezera.

Palinso banja la nyamakazi ndi msana, komanso la kuvutika maganizo, lomwe ambiri salitchula n'komwe. Kwa amene anasuta fodya zaka zambiri, mapapo ndi mtima zimadwalira limodzi.

Mawondowo musawaone ngati nkhani yapadera. Munthu akamamva ululu amasiya kuyenda, thupi limalemera, shuga amavuta kutsika. Akangokhala pakhomo osacheza ndi anzake, amavutika maganizo, mankhwala amayamba kuwaiwala. Choopsa kwambiri n'chakuti mapiritsi opha ululu amene anthu amangogula okha, monga ibuprofen ndi diclofenac, amakweza BP ndiponso amapweteka impso zomwe zafooka kale. Ngati bambo akumwa amenewa, adokotala adziwe msanga.

Apa mpamene pagona nkhani, mayi. Malangizo ambiri a chithandizo analembedwa poganizira nthenda imodzi payokha, pomwe wodwala ndi munthu mmodzi wonyamula zonse. Dokotala wa mtima alemba mankhwala ake, wa mafupa alemba ake, posakhalitsa mapiritsi apitirira mitundu isanu. Nthawi zina mankhwala amapatsidwa pofuna kuthana ndi vuto lomwe labwera ndi mankhwala ena. Amlodipine wa BP amatha kutupitsa mapazi, wina n'kuwonjezerapo mankhwala okodzetsa, agogo n'kuyamba chizungulire, mapeto ake kugwa. Metformin wa shuga nayenso amafunika kuchepetsedwa kapena kusinthidwa impso zikafooka kwambiri.

Tsiku lopita kuchipatala likakwana, sonkhanitsani chilichonse chimene bambo amamwa, ngakhale chogula okha ndi chazitsamba chomwe, muike m'thumba limodzi. Dokotala mmodzi aone zonse, ndipo mumufunse kuti, "Pamenepa alipo amene angachotsedwe?" Koma musawasiyitse nokha. Musaiwalenso kuwafunsa eni akewo chimene chikuwasowetsa mtendere kwambiri. Mwina inu mukuda nkhawa ndi manambala a shuga, pomwe iwo akungofuna kudzuka pampando popanda wowagwira dzanja.